Tn5 itakana kudula DNA

M'labu yathu kuno ku Lilongwe, DNA ya mabakiteriya ena inkatuluka zidutswa zitalizitali pambuyo pa tagmentation, njira yodula DNA ndi enzyme yotchedwa Tn5 pokonzekera kuiwerenga pa makina. Anzanga ankati enzyme yafa ndi kuzimazima kwa magetsi, koma masampulo ena ankayenda bwinobwino.

Vuto linali buffer, madzi a mankhwala amene DNA imasungidwamo. Masampulo ovutawo anabwera atasungunulidwa mu buffer yotchedwa TE, momwe muli mankhwala a EDTA. Tn5 transposase imadula DNA n'kumatapo ma adapter (tizidutswa ta DNA tothandiza poiwerenga pa makina) nthawi imodzi, koma popanda magnesium siigwira ntchito, ndipo EDTA imakokera magnesium yemweyo kwa iyo.

Ndinatsuka DNA ija ndi timikanda ta maginito ndi ethanol ya 80%, n'kuisungunula mu Tris yokha, buffer yopanda EDTA. Nditayeza kuchuluka kwake pa makina a Qubit ndinaika 1 ng (nanogram imodzi) monga Nextera XT, kiti yomwe muli Tn5, imafunira, mphindi 5 pa 55°C. Zidutswa zinafupika mmene timafunira. Sampulo ikachokera kwina, tsopano ndimayamba ndafunsa buffer yake.