Momwe mungagulitsire zinanazi ndi mapeyala pa WhatsApp muli konkuno ku Mulanje

Nyengo ya zinanazi ikafika aliyense amakhala nazo, kuyambira pa Chitakale mpaka ku Limbuli milu yokhayokha m'mbali mwa msewu, ndiye wopikula akabwera ndi lole yake mtengo amatchula ndi iyeyo, inu kwanu nkuvomera basi poopa kuti zikuwolerani. Koma anthu odya zinanazizo ali ku Limbe, ku Ndirande, ku Chilomoni uko ndipo tsiku lonse maso ali pa foni. Nkhani ndi yoti muwapeze bwanji musanadutse kwa munthu wapakati. Kafoni ka Android kotchipa komweko ndi bandulo ya WhatsApp zikukwana, bola muchite mwadongosolo.

Yambani ndi kuika WhatsApp Business, ndi yaulere, inatuluka mu 2018 koma ambiri kuno sanaigwirebe. Ngati foni yanu imalowa ma SIM awiri, nambala imodzi ikhale ya geni yokha, ina ya maliro, tchalitchi ndi achibale. Pa profaiyo lembani dzina la geni, malo omwe muli ndi zomwe mumagulitsa, chithunzi chikhale cha katundu kapena nkhope yanu, osati vesi kapena mwana wa achemwali anu. Muli kenakake mmenemo kotchedwa catalog komwe mumaika chithunzi cha katundu ndi mtengo wake kamodzi, munthu akafunsa mumangomutumizira. Mulinso uthenga woyankha wokha mukatanganidwa kumunda, bola foni ikhale pa intaneti.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Status yanu amaiona ndi munthu yekhayo amene anasunga nambala yanu, inunso munasunga yake. Mutha kupositi zinanazi zokongola m'mawa ndi madzulo koma ngati okuonani ndi apongozi anu ndi anzanu a kwaya omwe nawonso ali ndi zinanazi kuseri kwa nyumba, mukungotha bandulo. Chomwe mukusaka ndi manambala a anthu a m'tauni. Galimoto ikaima pa malo anu, mwagulitsa, musangoti zikomo muyende bwino, nenani kuti "bwana sungani nambala yangayi, timatumizanso ku Limbe", muwaimbire pompo kuti yawo ikulowereni, ndipo muisunge ndi dzina loti mudzakumbuke, monga Mayi a mapeyala Namiwawa. Lembaninso nambalayo ndi malembo akuluakulu pa katoni kapena thabwa pomwe mumagulitsira. Mu Okutobala anthu amakhamukira kwa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ena amadzakwera phiri kudzera ku Likhubula, makamaka pano pomwe UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, onsewo ndi manambala oyenda okha. Mwana wanu kapena mlamu wanu wogwira ntchito mu ofesi ku Blantyre muuzeni aike katundu wanu pa status yake, ofesi imodzi itha kutenga katoni zingapo.

Broadcast, njira ya pa WhatsApp yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imatenga anthu 256 ndipo uthenga umafika kwa aliyense payekha ngati mwamulembera iye yekha, koma nayonso imafika kwa okhawo osunga nambala yanu. Chonde osangoponya anthu mu gulupu osawafunsa, amatuluka ndipo ena amakublokani.

Zithunzi. Pukutani kaye kamera ndi nsonga ya chitenje chifukwa foni yokhala m'thumba limodzi ndi ndalama za msika imajambula ngati kuli chifunga cha chiperoni. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa la masana limawalitsa kwambiri. Dulani chinanazi chimodzi pakati, chikasu chamkati chioneke, madzi akuchucha pa mpeni, china muchigwire m'manja kuti munthu aone kukula kwake, kumbuyo kukhale phiri kapena munda wa tiyi, osati chimbudzi. Peyala nalonso lidulidwe aone kuti nthangala ndi yaing'ono, mnofu ndi wambiri. Zotenga pa intaneti ayi, munthu akalandira zosiyana ndi zomwe anaona sabweranso ndipo amauza anzake. Status imakhala maola 24, zithunzi ziwiri kapena zitatu patsiku zakwana, mukaika makumi awiri timizere tapamwamba tosonyeza zithunzizo timachepa ngati mchenga anthu amangodumpha.

Ndiye mtengo lembani! Chizolowezi chomati "mtengo inbox" ine chimandinyasa zedi, munthu ali pa lanchi ali ndi mphindi zochepa, alibe nthawi yokufunsani nkudikira muyankhe madzulo. Lembani mtengo wa chimodzi, wa khumi, wa katoni, ndipo nenani ngati thiransipoti ili momwemo kapena ayi. Ena amaopa kuti anzawo aona mtengo nkutsitsa wawo, koma anzanuwo mtengo wanu akuudziwa kale, mumakhala nawo pa msika pomwepo.

Facebook ntchito yake ndi kukupezerani anthu achilendo. Lowani m'magulupu a zogulitsa a ku Blantyre, positi chithunzi, mtengo ndi linki yolowera pa WhatsApp yanu. Linkiyo mumalemba wa.me/ kenako 265 kenako nambala yanu mutachotsa ziro woyambirira, munthu akadina akugwera kwa inu. TikTok ngati muli ndi mwana wodziwa kujambula timavidiyo ta kumunda ayese, koma imadya data ndipo ambiri oonera amangoseka, sagula.

Pa ndalama khalani ndi zonse ziwiri, Airtel Money ndi Mpamba, kuti kasitomala asapeze chonamizira. Gwirizanani poyamba za yotapira, aonjezera iyeyo kapena mwaiika kale mu mtengo, chifukwa kukangana katundu ali kale mu minibasi nkovuta. Kasitomala watsopano alipire kaye, akakayika apereke theka, lina katundu akafika. Sikirinishoti si ndalama. Meseji yoti mwalandira ndalama nayonso akuba amailemba okha nkutumiza kuchokera pa nambala wamba, kenako foni, "pepani amayi ndatumiza molakwika mundibwezere mwana ali kuchipatala". Musapupulume, imbani *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba muone balansi nokha. PIN yanu sapatsa munthu ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani, ndipo manambala 6 omwe WhatsApp imatumiza pa meseji nawonso ndi chinsinsi, mukapereka akulandani akaunti ayamba kupempha ndalama makasitomala anu m'dzina lanu. Tsegulani two-step verification, PIN yoonjezera yotetezera akaunti ya WhatsApp, mu settings lero lomwe.

Kutumiza ndi komwe ambiri amagwera. Osamatumiza tsiku lililonse kathumba kamodzi kamodzi, thiransipoti idya phindu lonse. Sankhani tsiku, tinene Lachisanu, lengezani Lolemba kuti maoda atsekedwa Lachinayi masana, thyolani Lachinayi madzulo, m'mawa katundu akwere. Kumapeto kwa mwezi anthu akalandira maoda amachuluka, konzekerani. Minibasi zopita ku Limbe zina zimadzera Midima kudutsa pa Nkando, zina zimadzera Luchenza, Thyolo ndi Bvumbwe, funsani kaye kuti wolandira adziwe podikira. Pezani kondakitala kapena dalaivala mmodzi wodziwika pa siteji, muzimugwiritsa ntchito yemweyo, jambulani nambala ya galimoto ndi katoniyo ili mkati, tumizani kwa kasitomala pamodzi ndi foni ya kondakitala. Katoni iliyonse ilembedwe dzina ndi nambala pogwiritsa ntchito maka. Ngati maoda ndi ambiri ndi bwino pakhale wachibale ku Limbe wolandira zonse nkugawa pa kabaza.

Mapeyala tumizani okhwima koma olimba, akapsere komweko, akupsa amafika ali phala munthu atawakhalira pa mpando wakumbuyo. Muuzeni kasitomala kuti adikire masiku angapo, apo ayi adula laliwisi nkuyamba kukunenani. Zinanazi pakirani mothithikana kuti zisagubuduke, zikuluzikulu pansi. Zikafika zina zitaphwanyika musazime foni, pemphani chithunzi, pepesani, ulendo wotsatira muike ziwiri za basera, kasitomala wotere ndi amene amakubweretserani anzake.

Musadalire mutu kapena machati okha, gulani kope, lembani dzina, oda, walipira kapena ayi, thiransipoti ndi bandulo zomwe. Ambiri bandulo saiwerengera ndiye amadabwa kuti ndalama ikupita kuti. Manambala a makasitomala okhazikika alembeninso kumapeto kwa kopelo, foni imabedwa, imagwa m'madzi, magetsi akazima imathanso moto tsiku la maoda lomwelo, choncho ka power bank kapena kasola kakang'ono nkofunika.

Zinanazi zikatha status isafe. Ikani mapeyala, nthochi, nandolo, mbatata, chinangwa, chilichonse cha nyengoyo ngakhale mutapikula kwa aneba, ndipo kukatsala milungu iwiri kuti zinanazi zipse jambulani munda muyambe kulemba mayina a ofuna katoni zoyamba.