Musatumize zonse kwa anthu owunika

Ngati mukulemba code yoti anthu aziwunika mayankho a model yanu (pulogalamu ya AI yophunzitsidwa kupereka mayankho), musamawatumizire mayankho onse. Ndalama zimapita, ndipo owunika akatopa amangovomereza osawerenga.

Ikani malire a confidence score (nambala yosonyeza mmene model yatsimikizira yankho lake), mwachitsanzo 0.8. Zomwe zagwa pansi pake zipite kwa munthu. Koma ambiri timaiwala kuti model imatha kulakwa ili yotsimikiza kwambiri, ndipo zolakwa zimenezi ndi zomwe zimandidetsa nkhawa. Choncho pa zodutsa, muzitolako zochepa mwachisawawa, ngakhale ziwiri pa 100, nazonso ziwunikidwe.

Pa Amazon A2I, chida cha Amazon chotumizira mayankho a model kwa anthu owunika, ntchito yodzipangira nokha imafuna muitane StartHumanLoop (lamulo loyambitsa kuwunika), mwachitsanzo kudzera mu boto3 (library ya Python), loop iliyonse, kapena kuti ulendo uliwonse wowunika, ndi dzina lakelake. Malirewo asungeni mu fayilo ya config (yosungiramo ma settings), kuti powasintha musagwire code yonse.