Mbale za galamafoni kapena ma CD: zoti muone musanagule kuno ku Mzuzu

Ngati mukungofuna nyimbo zomvera tsiku ndi tsiku, gulani CD. Mbale ya galamafoni ndi ya munthu wokonzeka kuisamala, kapena wofuna nyimbo zakale zija ankabwera nazo agogo athu pochokera ku Joni, zomwe zina sizinatulukenso pa CD.

Mbale yaikulu ya mainchesi 12 imazungulira ka 33⅓ pa mphindi, ndipo mbali imodzi imatha m'mphindi pafupifupi 22, kenako mudzuke mukaitembenuze. Yaing'ono ya mainchesi 7 imafuna liwiro la 45. CD imasunga nyimbo mpaka mphindi 80, ndipo imawerengedwa ndi kuwala kwa laser, palibe choikhudza. Pa mbale ndiye singano imakhula m'timizere nthawi zonse. Singanoyo muziisintha ikaimba maola 500 mpaka 1,000, chifukwa ikabuntha imayamba kudya mbale. Zambiri zimafuna kulemera kwa magalamu awiri okha pa nsonga. Chizolowezi choika ndalama yachitsulo pamwamba pa singano kuti isamadumphe chimakumba timizere, ndipo mbale yokumbika simungaikonze.

Vuto lalikulu kuno ndi chinyezi. Mvula ya ku Mzuzu imakhalitsa, ndipo mbale zosiyidwa m'katoni pansi pa simenti zimamera nkhungu, kuyambira pa chikuto chapepala kenako m'timizere. Poimba mumangomva kuthetheka ngati chimanga chokazinga. Ziikeni pa shelefu, kutali ndi khoma lonyowa, zili choimirira, osati kuzisanjikiza. Kutentha nako kumazipinda: mbale yoiwalidwa m'galimoto yotseka magalasi masana ku Karonga kapena ku Nkhata Bay imabwerako ngati chipewa.

Potsuka, tengani madzi oyera aja othira m'batire ya galimoto (osati asidi!), muthiremo kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya. Pukutani ndi kansalu kofewa motsatira kuzungulira kwa timizere, osanyowetsa pepala lapakati, ndipo iume kaye musanaibwezere m'chikuto. Mbale zolemera zakale za liwiro la 78 musazikhudze ndi sipiriti, zimasungunuka.

Mukapeza galamafoni yakaunjika, yambani mwawerenga kumbuyo kwake. Magetsi athu ndi 230V, 50Hz. Yochokera ku America yolembedwa 120V, 60Hz imafuna thiransifoma, komabe ngati mota yake imatengera liwiro ku magetsi a pakhoma, idzaimba pang'onopang'ono, mawu a oimba onse n'kumveka a besi. Za ku South Africa ndi ku UK zilibe vutoli. Onaninso lamba wozunguza mbale: akatanuka, mawu amagwedera. Ampulifaya yanu ikhale ndi polowetsa polembedwa PHONO, apo ayi mugule kachipangizo kotchedwa phono preamp; mukalowetsa pa AUX mawu amatuluka otsika, opanda besi. Kawaya kakang'ono kapadera kochokera ku galamafoni kamangidwe pa sikuluwu ya ampulifaya yolembedwa GND, mukapanda kutero sipika zizingong'ung'udza.

CD ilibe zambiri chonchi, koma anthu amaisamala mbali yolakwika. Nyimbo zimakhala pafupi ndi mbali yolembedwa dzina, choncho kukalika kwa pamwamba n'koopsa kuposa kwa pansi ponyezimira. Musanalipire, iyang'anitseni ku dzuwa: mukaona timabowo towala ngati tobooledwa ndi singano, isiyeni. Poipukuta, yambirani pa bowo lapakati kupita kumphepete, osati mozungulira ngati mbale ija, chifukwa kukalika kotsatira mzere wa nyimbo n'kumene kumaidumphitsa. Ma CD okopera pa kompyuta amafa msanga akamakhala padzuwa.

Makina akamadumpha pa CD iliyonse, ngakhale yatsopano, nthawi zambiri ndi fumbi pa kadiso ka laser. Zimitsani, chotsani pulagi, mukapukute pang'ono ndi thonje la pa kamtengo, osakanikiza.