Kugwira ntchito pa mesa (tebulo lovotera) tsiku la chisankho cha ma autarquia

M'chigawo cha Tete ku Mozambique, chisankhochi, chosankha atsogoleri a ma autarquia (makhonsolo a matauni), chimachitika m'matauni a Tete, Moatize, Ulónguè, Nhamayábué ndi Chitima. Chomaliza chinali pa 11 Okutobala 2023, ndipo chimabwera zaka zisanu zilizonse. Olemba anthu ntchito ndi a STAE, ofesi ya boma yoyendetsa ntchito za chisankho. Akalengeza, pitani ku ofesi yawo ya m'boma lanu ndi BI (chiphaso cha unzika), khadi lanu lovotera ndi satifiketi ya kusukulu. Muyenera kudziwa kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi, koma ku Angónia, boma limene kuli tauni ya Ulónguè, Chichewa chanu n'chofunikanso: agogo ambiri adzafuna kuwafotokozera m'chinenero chawo. Osankhidwa amaphunzitsidwa masiku angapo, ndipo kandalama kamene amalipira nthawi zina kamachedwa, choncho musakakongolere.

Pa mesa iliyonse pamakhala anthu 7: pulezidenti, wachiwiri wake, mlembi ndi ma escrutinador (ochonga mayina ndi kuthandiza kuwerenga mavoti) anayi. Ovota a pa mesa imodzi sapitirira 800. Kuvota kumayamba 7 koloko m'mawa, koma inu mufike kudakali mdima kuti muwerenge katundu. Bokosi lionetsedwe kwa nthumwi za zipani lili lopanda kanthu, kenako litsekedwe.

Wovota akafika, yang'anani kaye zala zake ngati zilibe inki, pezani dzina lake mu caderno (kaundula wa ovota), apatsidwe pepala lovotera. Akaponya, chongani dzina lake, aviike chala mu inki. Kuchongako ndiye kumene ambiri amapunthwa. Mzere ukatalika dzuwa la ku Tete likuswa mtengo, munthu amafulumira n'kudumpha dzina limodzi kapena awiri. Masana sizioneka. Zimaonekera usiku, mapepala a m'bokosi akaposa mayina ochongedwa, ndipo pamenepo nthumwi sizidzamva zoti munangoiwala. Zidzati wina waponyamo mapepala owonjezera.

Nthawi yotseka ndi 6 koloko madzulo, koma aliyense amene ali kale pamzere amavotabe. Musanatsegule bokosi, chotsani patebulo inki ndi zolembera, aliyense apukute m'manja. Kadontho kamodzi ka inki pa pepala kangachititse voti yabwinobwino kuonedwa ngati yowonongeka. Werengani mapepala otsala, mayina ochongedwa, kenako mapepala a m'bokosi, manambalawo muwalembe musanayambe kugawa mavoti. Pepala lililonse lionetsedwe poyera ndi kutchulidwa mokweza. Losalembedwa kanthu ndi lowonongeka ndi milu iwiri yosiyana, musazisakanize. Tengani tochi yanuyanu ndi madzi akumwa, chifukwa nyale ya m'katundu ikafooka mudzawerengera mumdima.

Zotsatira zimalembedwa pa acta (lipoti la zonse zimene zachitika pa mesa) ndi pa edital (pepala lolengeza zotsatira). Lembani mosafufuta, ndipo musasaine edital yopanda manambala ngakhale wina atakuuzani kuti adzalemba yekha. Nthumwi ya chipani chilichonse ipatsidwe kope lake, ndipo lina limatidwe pakhomo pa chipindacho usiku womwewo. Nthumwi ikadandaula, landirani dandaulo lake lolembedwa, liikidwe pamodzi ndi acta.