Momwe mungathandizire mwana wodzikayikira m'kalasi

Mwana wodzikayikira sasokosa, n'chifukwa chake m'kalasi la ana 90 teremu imatha aphunzitsi osamudziwa dzina. Amakhala kumbuyo, amaphimba kope ndi dzanja mukamadutsa, ndipo mukamuloza amati "sindikudziwa" funso lisanathe. Kawirikawiri amakhala wobwereza kalasi, wamkulu msinkhu kuposa anzake, wachibwibwi, kapena mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka.

Choyamba, musankhe ana atatu okha oti muyambe nawo. Mukatenga khumi mulephera onse. Muwakhazike kutsogolo kwa sabata imodzi. Ena vuto lawo ndi maso kapena makutu basi, ndipo akayandikira bolodi amasintha okha.

Chachiwiri, mwana mumuuziretu funso. Nthawi yopuma mumuitanire pambali, mumuuze kuti: "Tikalowa ndikufunsa 7 kuchulukitsa ndi 6. Tiye tiyeseze." Akayankha bwino pamaso pa anzake, chimene wapindula ndi chenicheni. Chitani zimenezi kawiri pa sabata kwa masabata atatu, kenako mufunse osamuuziratu, koma funso la msinkhu womwewo. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka 5 musanaloze wina. Aphunzitsi ambiri amalakwa apa: amathamangira mwana amene wakweza mkono, ndiye wodzikayikirayo amaphunzira kuti akangokhala chete apulumuka.

Chachitatu ndi kayamikiridwe. "Wakhoza" pawokha sakwanira. Tchulani chimene wakhozacho: "Lero wayamba ziganizo zonse ndi chilembo chachikulu." Ana a Sitandade 7 ndi 8 musamawaombetsere m'manja pa yankho lophweka, amaona ngati mukuwanyogodola. Pochonga kope, musadzaze tsamba ndi mitanda yofiira. Sonyezani zolakwa ziwiri zoti akonze mawa.

Mupatseninso udindo, monga kugawa makope kapena kusunga choko. Kusesa ayi, poti pasukulu zambiri kumeneko ndi chilango.

Ntchito yonseyi imawonongeka ndi zinthu ziwiri: kulengeza malikisi mokweza mpaka wotsiriza, ndi maina achipongwe ngati "mbuli" kapena "agogo". Amene watchula dzina lotere mudzudzuleni nthawi yomweyo, ngakhale phunziro liime.

Masabata asanu ndi limodzi akatha mwana osasintha, kapena akayamba kujomba, dziwitsani mphunzitsi wamkulu ndipo muitane makolo. Gulu la amayi la pasukulupo lingakafike kunyumba kukaona ngati gwero lake ndi njala, nkhanza kapena kusowa yunifolomu.