Kukonzekeretsa galimoto pa ulendo wa mumchenga ndi wa kumapiri

Mpikisano wa magalimoto wa Dakar unayamba mu Disembala 1978, pamene oyendetsa ananyamuka ku Paris n'kudutsa m'chipululu cha Sahara mpaka kukafika ku Senegal. Kuyambira mu 2009 mpaka 2019 unkachitikira ku South America, kumene magalimoto ankakwera mapiri a Andes pamalo opitirira mamita 4,000, ndipo kuchokera mu 2020 ukuchitikira ku Saudi Arabia. Mu 2019 Nasser Al-Attiyah anapambana ndi Toyota Hilux yokonzedwa ku South Africa, yomwe imangofanana dzina ndi mapikapu amene amanyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, poti m'kati mwake ndi galimoto ina ndithu. Komabe zimene zimasautsa magalimoto a mpikisanowo, mchenga ndi kukwera, ndi zomwezo zimene zimadikira dalaivala wa kuno ku Kasungu akamalowa m'nkhalango ya Kasungu nthawi ya chilimwe kapena akamapita ku Nyika.

Yambani ndi matayala, chifukwa mumchenga tayala lolimba ndi mpweya limakumba pansi m'malo moyenda pamwamba. Mapikapu ambiri amayenda pa phula ndi mpweya woposa 2 bar (bar ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala), koma mukafika pa mchenga wofewa, monga wa m'makwawa ouma, muyenera kuphwetsa mpaka pafupifupi 1.5 bar kuti tayala lipondeko malo aatali. Musaphwetse mongoyerekeza ndi maso. Khalani ndi geji yanuyanu komanso pampu, popeza mukangobwerera pa msewu wolimba muyenera kupopanso nthawi yomweyo. Tayala lophwetsedwa likathamanga pa phula limatentha n'kuphulika, ndipo mukalikhotetsa mwadzidzidzi limatha kuvuka pa limu.

Tcherani magudumu onse anayi musanalowe mumchengamo, osati mutatitimira kale, ndipo ngati galimoto yanu ndi ya mahabu otembenuza ndi manja, tsikani mukawakhome. Sankhani giya imodzi, kawirikawiri yachiwiri, n'kuyenda nayo mosadukiza, chifukwa mukaponda kilachi pakati pa mchenga galimoto imafooka pomwepo. Ikatitimira chotsani phazi pa moto msangamsanga. Madalaivala ambiri amalakwitsa pamenepa, amapondereza mpaka mimba ya galimoto itakhala pansi, ndiye ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya tsiku lonse. Fukulani mchenga kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lililonse ndi fosholo, yalani nthambi kapena mamati a m'galimoto, kenako bwererani chafutambuyo m'mikwasa momwe munadzera. Jeke imafuna thabwa lochindikala loikapo, apo ayi imangomira.

Fumbi nalo limadya injini mwakachetechete. Tsegulani sefa ya mpweya madzulo aliwonse a ulendo wa m'fumbi, muigogode pang'onopang'ono, ndipo ikakhala yong'ambika ngakhale pang'ono musinthe. M'tinjira ta udzu wautali yang'anani kutsogolo kwa rediyeta, kumene njere za udzu zimamatirira n'kutseka mphepo, komanso kunsi pafupi ndi paipi ya utsi, kumene udzu wouma umatha kuyaka.

Za kumapiri n'zosiyana, pakuti kumeneko vuto ndi kupepuka kwa mpweya umene injini imakoka. Injini yopanda turbo, chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini, imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera, choncho ku Andes injini yotere inkataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ife kuno tili pa mamita oposa 1,000 pang'ono, pamene Chelinda, kampu ya pa Nyika, ili pa mamita pafupifupi 2,300, ndiye galimoto yomwe imakwera zitunda za kwathu mosavuta ikafika kumeneko imamveka ngati yalemedwa. Sikuti yawonongeka. Tsitsani giya msanga chitunda chisanakule, chepetsani katundu, ndipo musadabwe galimoto yakale ya kabuleta ikamatulutsa utsi wakuda, chifukwa petulo amakhala atachuluka kuposa mpweya. Ya dizilo yokhala ndi turbo imapirira bwino, ngakhale imachedwa kudzuka ponyamuka.

Madzi nawonso amawira msanga pamalo okwera, moti pa mamita 2,300 amawira pa madigiri pafupifupi 92. N'chifukwa chake chivindikiro cha rediyeta chiyenera kukhala chogwira bwino, ndipo m'rediyetamo muthire mankhwala oziziritsa injini, osati madzi a pachitsime okha. Singano ya kutentha ikakwera imani pambali, siyani injini ikulira pang'onopang'ono kwa kanthawi, ndipo musatsegule chivindikirocho ikadali yotentha.

Kutsika ndiye koopsa kuposa kukwera. Mabuleki akapondedwa mosalekeza pa mtsetse wautali amatentha, mafuta ake amawira, phazi n'kungofika pansi galimoto osaima. Tsikani ndi giya imene mukadakwera nayo chitundacho kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto, ndipo chizolowezi choika giya pa fulii pofuna kupulumutsa mafuta chisiyeni ndithu. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pakapita nthawi, choncho ngati apitirira zaka ziwiri auzeni amakaniko awasinthe musananyamuke.

Pa msewu wa M1 yembekezerani chifunga pa Chikangawa, kumene muyenera kuyatsa magetsi apansi ndi kuchepetsa liwiro. Dzazani thanki pa Rumphi musanalowere ku geti ya Thazima ya ku Nyika, munyamulenso chigubu chapadera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Nyika kumagwa chisanu, ndipo batire lofooka silingadzutse injini ya dizilo m'mawa, choncho liyezetseni mukadali ku Kasungu.