Njinga yakaunjika yafa ma giya? Isandutseni single speed kapena fixie

Njinga zama giya zomwe timagula pakaunjikazi, zija zochokera ku Japan ndi ku Ulaya, chomwe chimayamba kufa ndi ma giya omwewo. Derailleur, chija chosamutsa tcheni posintha giya, yapindika, waya wadukira mkati, shifta, kaja mumakankha ndi chala posintha giya, yagwira dzimbiri, mukapita kwa okonza njinga akuikirani sipeya ya mtundu wina yosagwirizana ndi mano akumbuyo nde tcheni kumangodumpha mukangoponda mwamphamvu. Chonsecho felemu ili bhobho, mwinanso chitsulo chake ndi chabwino kuposa njinga zatsopano za mushopu. Njinga yotere musaiponye kuseli kwa nyumba amwene, ichotseni zovuta zonsezo itsale ndi giya imodzi.

Giya imodzi kwa ife si nkhani, akabaza ambiri amapalasa yomweyo atanyamula munthu ndi thumba la chimanga. Kungoti felemu ya mpikisano ikavulidwa zonse imapepuka kwambiri, mumainyamula ndi dzanja limodzi kukwera nayo masitepe. Tisiyanitse kaye zinthu ziwirizi. Single speed ili ndi filiwilo, mukasiya kupalasa njinga imapitabe miyendo ikupuma. Fixie ilibe filiwilo, sipuloketi yamangidwa nganganga ku habu, wilo likamazungulira mapedulo nawo akuzungulira, mufune musafune. Ndi njinga za mu bwalo la mpikisano zimenezi, monga za mpikisano wotchedwa keirin womwe unayamba ku Japan mu 1948, kenako anyamata otumikira makalata ku New York ndi ku London anazitengera mumsewu poti palibe chambiri choti chionongeke. Olo ku Tour de France komwe, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France uja, derailleur anailola mu 1937, mmbuyo monsemo ambiri ankakwera mapiri a Alps alibe chosinthira giya ali pachishalo.

Musanagule kalikonse, gwadani kumbuyo kwa njinga muyang'ane pomwe ekiselo imalowa mu felemu. Malo amenewa amatchedwa dropout ndipo ntchito yonse yagona pamenepa. Ngati mpata wake ndi wautali, wogona cham'mbali moti mukamasula manati wilo limatha kuseseleka kutsogolo ndi kumbuyo, mwaphula. Felemu zachitsulo za m'ma 1970 ndi 1980, ma Raleigh, ma Peugeot, ma Bridgestone, ma Miyata, zambiri zili choncho. Koma ngati mpatawo ndi waufupi woyang'ana pansi, ngati wa mountain bike zambiri ndi felemu za aluminiyamu, wilo lilibe kosunthira nde simungakoke tcheni. Pamenepo single speed itheka ndithu koma mufunika chokokera tcheni, olo derailleur yakale yomweyo mutha kuisiya, mungoitsekera ndi tima sikuluwu take tija kuti iime pa mzere umodzi. Fixie pa felemu yotere iwalani. Mukaponda chobwerera mbali yapansi ya tcheni ndi yomwe imakokeka, chokokera chija chimapindika pompo, tcheni nkugwa muli pa liwiro.

Kenako giya. Apa anthu amaonetsa matama, kufuna kalanka, kutanthauza mano akutsogolo a pa mapedulo, yaikulu ya mano 52 kuti azioneka madolo, mapeto ake akukankha njinga pa kachitunda kalikonse. Masamu ake ndi ophweka: mano a kalanka gawani ndi mano a sipuloketi, kenako chulukitsani ndi mamita 2.1, komwe ndi kuzungulira kwa tayala la saizi ya 700c, lija la njinga za mpikisano. Kalanka ya 42 ndi sipuloketi ya 16 ikupatsani mamita 5.5 mukapalasa kamodzi, 42 ndi 18 ndi mamita 4.9, pomwe 46 ndi 16 ndi mamita 6. Ku Lilongwe, Salima kapena Mangochi 42 ndi 16 imayenda bwino. Wa ku Blantyre kapena Zomba ine ndingati 42 ndi 18, poti giya imodziyo iyenera kukukwezani chitunda chovuta kwambiri pa njira yanu ya tsiku ndi tsiku, osati kukusangalatsani potsetsereka. Ubwino wake njinga zakalezi zimabwera ndi kalanka ziwiri, 52 ndi 42 kapena 53 ndi 39, nde yaing'onoyo muli nayo kale. Ngati ma giya akugwirako pang'ono, ikani pa giya yomwe mukuiganizirayo muyende nayo sabata yathunthu osasintha, maondo akuuzani okha.

Tsopano kuvula. Chotsani ma shifta, mawaya ake, derailleur yakutsogolo ndi yakumbuyo, dulani tcheni. Kalanka yaikulu ichoke, koma dziwani kuti mabauti ake anapangidwira kalanka ziwiri nde pa imodzi amakhala aatali, samanga. Ikani mawashala kapena apaleni ndi fayilo afupike. Mukachotsa mapedulo kumbukirani kuti yakumanzere mazinga ake ndi obwerera, imamasuka mukapotokolera kumanja, ambiri amathyolera sipanala pamenepa.

Wilo lakumbuyo lili mitundu iwiri ndipo muyenera kudziwa lanu. Lichotseni, zungulitsani ma sipuloketi chobwerera mukuyang'ana pakati pomwe pamalowa chomasulira. Pakatipo pakamazungulira limodzi ndi mano, ndi cassette. Pakangoima mano okha nkumazungulira, ndi filiwilo yamazinga. Cassette ndi yophweka kwambiri: masulani, sololani ma sipuloketi onse, bwezeranipo imodzi, mpata wotsalawo dzazani ndi ma spacer, timphete tokhala pakati pa ma sipuloketi, ochokera ku ma cassette akutha. Olo paipi ya PVC yodulidwa mowongoka imagwira ntchito. Chinthu chimodzi chokha, ma sipuloketi a njinga zama giya mano ake ndi aafupi komanso osemedwa dala kuti tcheni chizichoka msanga posintha giya, inu mukufuna zosiyana ndi zimenezo, nde mukapeza ya mano athunthu aatali gulani imeneyo.

Ya mazingayo ndi yomwe ili ndi ntchito. Filiwilo yakale ichoke, ngati chomasulira chake palibe okonza njinga amaiphwasula ndi panchi ndi hamala, siibwereranso koma simukuifunanso. Mazinga a habu zambiri ndi ofanana ndi a filiwilo ya njinga yakabaza kapena ya BMX, nde ya mano 16 kapena 18 imalowa bwinobwino, pakani girisi ndipo yambani kumanga ndi dzanja. Ikakana mutangozungulitsa kawiri musaikakamize, njinga zina zakale za ku France mazinga ake ndi ena. Filiwilo zimenezi mano ake ndi onenepa, zimafuna tcheni chachikulu cha 1/8 inchi, chija cha kabaza. Chimenechi chimakwana pa kalanka yopyapyala ya 3/32 popanda vuto, koma tcheni chopyapyala pa mano onenepa sichilowa.

Mukaika wilo mupeza kuti filiwilo yakhala mkati kwambiri, tcheni chikuyenda chopingasa. Apa mpomwe pamasiyana njinga yoyenda mwakachetechete ndi ija yongolira kwekwekwe nkumagwetsa tcheni pa bampu iliyonse. Tengani lula. Kutsogolo yezani kuchokera pakati pa paipi ya chishalo kufika pa mano a kalanka. Kumbuyo yezani mpata wa pakati pa ma dropout awiri, felemu zakale umakhala mamilimita 120 kapena 126, zatsopanoko 130, mountain bike 135. Gawani pawiri, nkuchotsapo mtunda wochokera mkati mwa dropout yakumanja kufika pa mano a sipuloketi. Mwachitsanzo felemu ya 126 theka lake ndi 63, ngati mano ali mamilimita 21 kuchokera pa dropout nde kuti mzere wanu ndi 42. Nambala yakutsogolo ndi yakumbuyo zifanane, zikasiyana ndi milimita imodzi kapena awiri palibe mlandu. Pa cassette mumangosuntha ma spacer. Pa habu yamazinga mumamasula ekiselo, ma spacer akumanja ena apite kumanzere kuti habu yonse isunthire kumanja, nde poti limu nayo yasuntha, muyenera kuibwezera pakati pomasula masipoko akumanja ndi kumanga akumanzere, theka theka kuzungulira wilo lonse mpaka tayala likhale pakati pa felemu. Ngati simunagwirepo masipoko pelekani kwa mmisiri, aliyense wokonza za kabaza ntchito imeneyi amaidziwa ndipo samachedwa nayo. Kalanka nayo mutha kuimanga mkati kapena kunja kwa miyendo yake, zimasintha mzere ndi mamilimita angapo.

Ena amachita chidule, kusiya filiwilo ya mano asanu yomweyo nkungofupikitsa tcheni pa sipuloketi yapakati. Imayenda inde, koma tsiku lina tcheni chidzakwera chokha pa sipuloketi yaikulu yoyandikana nayo, chilibe kotalikira, nde china chake chiyenera kupindika, kaya ekiselo kaya dropout.

Kudula tcheni: kankhirani wilo kutsogolo kwa dropout, zengani tcheni pa kalanka ndi pa sipuloketi, dulani pomwe chikukumana, bola chitalikeko kusiyana nkufupika. Linki imodzi yathunthu imasuntha ekiselo pafupifupi mamilimita 13, dzino limodzi la sipuloketi mamilimita 3, nde ngati dropout ndi yaifupi half link, linki ya theka, imapulumutsa. Kokani wilo kumbuyo, mangani nati yakumanzere pang'ono, wongolani tayala, mangani yakumanja, sipanala ya 15. Tcheni chikhale ndi mpata wa sentimita imodzi mukachikankha mmwamba ndi pansi chapakatikati. Ndiye zungulitsani kalanka pang'onopang'ono, muona kuti pena chikuthina pena chikukhwefuka poti palibe kalanka yozungulira ndendende. Yezerani pothina kwambiripo. Tcheni chokoka ngati nsambo ya gitala chimadya mabelingi msanga ndipo njinga imalemera.

Pa single speed mabuleki onse awiri atsale, apa palibe zokambirana. Ngati mwasintha mawilo a 27 inchi kuika a 700c, limu yatsika ndi mamilimita 4, onani ngati labala za buleki zikufikabe osakhudza tayala.

Amene mwatsimikiza za fixie, habu yake ndi yapadera. Ili ndi mazinga awiri ngati masitepe, aakulu a sipuloketi omwe amamanga kumanja, ndi aang'ono kunja kwake a lockring, mphete yotsekera sipuloketi, omwe amamanga chobwerera. Cholinga chake nchoti mukaponda chobwerera sipuloketi ikafuna kumasuka, imakankha lockring kuti imange kwambiri. Kungomanga sipuloketi ya fixie pa habu wamba ndi guluu, azungu anaitcha suicide hub ndipo sanalakwitse dzina. Zopita nayo kwa owotcherera nazonso ayi, habu ya aluminiyamu siigwirana ndi chitsulo, ndipo olo ikhale yachitsulo moto umaononga malo oyenda mabelingi, sipuloketi ikatha mano wilo lonse latha. Funani habu ya flip-flop, mbali ina fixie mbali ina filiwilo, mukatopa mumangotembenuza wilo. Ngati muli ndi m'bale ku Joni, mashopu a njinga a kumeneko ndi komwe mungaipeze mosavuta, mmisiri wakuno aimangire masipoko. Mangani sipuloketi mwamphamvu ndi girisi, mangani lockring, kwerani kachitunda mukuponda ndi mphamvu zonse osabweza mwendo, tsikani mumangenso lockring poti sipuloketi yalowanso mkati ndipo pasiyika kampata.

Buleki yakutsogolo ikhalepo. Ma vidiyo a pa YouTube aja anyamata akukhwekhwereza tayala opanda buleki ndi okoma kuonera, koma misewu yathu ili ndi minibasi yoima paliponse, mbuzi, ana a sukulu, ndipo tcheni chikagwa fixie yopanda buleki ilibenso choimitsira. Ku London mu 2016 mnyamata wina anagunda mayi wina ndi njinga yotere, mayiyo anamwalira, iye anagamulidwa miyezi 18 mu 2017. Ku Britain lamulo limawerenga wilo la fixie ngati buleki imodzi koma yakutsogolo limaifunabe. Ndipo ngati mumakonda kukhwekhwerezako, sankhani mano mwanzeru: 48 ndi 16 tayala limadyeka malo amodzi okhaokha poti 16 amalowa mu 48 katatu ndendende, 42 ndi 16 malo 8, koma 48 ndi 17 limadyeka malo 17 mozungulira. Matayala a 700c kuno si otchipa.

Mapazi amangidwe ku mapedulo ndi ma strap (malamba) kapena toe clip (kokolera zala za phazi), phazi likapulumuka potsetsereka pedulo imakumenyani pa msongolo ndipo kuibweza nkovuta. Pokhota simungaimitse pedulo mmwamba nde musapendeke kwambiri, kalanka za mikono yaifupi ya mamilimita 165 zimathandiza. Buluku lakumanja pindani, zingwe za nsapato lowetsani mkati. Popukuta tcheni musazungulitse wilo nsanza ili mmanja, fixie siima chala chikalowa pakati pa tcheni ndi mano, anthu aduka zala ndi zimenezi.

Ulendo woyamba chitirani pa bwalo la mpira kapena msewu wopanda magalimoto, chishalo chitsikeko pang'ono poti mudzaiwala nkusiya kupalasa, njinga nkukunyamulani mmwamba. Mukabwerako gwiraninso sipanala, manati a ekiselo, mabauti a kalanka, lockring, nkuyang'ana ngati wilo silinaseselekere kutsogolo mbali ya tcheni. Likamaseseleka olo mwamanga, mawashala a manati ndi osalala, ikani aja okhala ndi timano toluma chitsulo.